Madzi Amene Ndinapatsa Amayi a Mabotolo

Okondedwa asisi,

Ndayamba ndi moni ngakhale dzanja likufuna kuthamangira ku nkhani. Muli bwanji kumeneko? Miyendo ija yasiya kutupa? Nanga mlendo wathu akukankhabe ngati akufuna kutsegula chitseko yekha? Alamu ali bwanji, chifuwa chija chinatha? Kuno tadzuka bwino tonse. Mwana wanga Kamasaya ali moyo, akudya, akuseka. Ndalemba zimenezi poyamba dala kuti mukamawerenga zam'munsizi mtima usakudumpheni, paja inu ndinu munthu wotopa.

Foni yanu ndayesa kuyambira Lolemba, sikulowa. Ndiye kalatayi ndapatsira adalaivala a lole ya matabwa aja, akuti adutsa kwanuko mawa m'mawa. Chonde muiwerenge yonse musanamange katundu Loweruka. Kalembedwe kanga mukukadziwa, sukulu ndinalekezera panjira, pamene palakwika mukonze nokha mumtima.

Asisi, ndinakunamizani. M'kalata yanga ija ndinati madzi a pachitsime chathu anayezedwa ndi anthu ophunzira ndipo anapezeka abwino, ndiye mubwere mudzadikirire kuno pafupi ndi chipatala opanda nkhawa. Pepala lonena zimenezo linalipodi, linamatidwa pakhoma la bafa. Koma pepalalo linanama chifukwa ife tinalinamiza, ndipo ine ndinali mmodzi mwa olinamizawo. Mwana ameneyu mwamudikira zaka zisanu ndi ziwiri. Sindingalole kuti mubwere naye pa bodza langa.

Ndiyambe poyambira.

Miyezi iwiri yapitayo kunabwera amayi ena a kafukufuku wa madzi, aafupi, ovala magalasi, atanyamula bokosi lozizira lodzaza timabotolo. Tinawatcha Amayi a Mabotolo, ndipo iwo amavomera. Anatisonkhanitsa pansi pa zingwe zoyanikira zovala. Anati akufuna kudziwa ngati madzi amene timamwa ali ndi tizilombo totsegulitsa m'mimba. Nyumba zathu mukudziwa zilipo makumi anayi, mizere inayi, chitsime chimodzi pakati. Anati sangayeze zonse, ayeza khumi ndi ziwiri basi, komanso chitsimecho.

Atelala, amayi osoka aja a khomo loyandikana ndi langa, amene munati pakamwa pawo pamathamanga kuposa makina awo, anafunsa kuti nanga nyumba khumi ndi ziwiri zingalankhulire bwanji nyumba makumi anayi. Amayi a Mabotolo anawafunsa ngati iwo akafuna kudziwa kuti shuga wakwana mu tiyi amamwa ketulo yonse. Atelala anati ayi, amalawa supuni imodzi. Amayi a Mabotolo anati eya, koma mumayamba mwatakasa, apo ayi mulawa zapamwamba zokha.

Kutakasa kwawo kunali kotere. Analemba nambala ndi choko pa chitseko chilichonse. Nambala zomwezo anazilemba pa timapepala, timapepala m'chitini, n'kuchigwedeza. Anati asasankhe iwo, asasankhe alandilodi, eni nyumbazi, asasankhe aliyense, chitini chisankhe chokha. Anandiloza ine kuti nditole nditatsinzina. Pepala lachisanu ndinadzitola ndekha, nambala 17. Atelala anaseka kwambiri, akuti sanaonepo munthu wodzitchera msampha ndi dzanja lake lomwe. Lotsatira ndinatola 18, nyumba yawo. Anasiya kuseka.

Tinasaina pa pepala lovomera. Pochoka, Amayi a Mabotolo anati abwera Lachinayi m'mawa, ndipo aliyense adzawatungire madzi monga mmene amatungira akamapatsa mwana wake.

Lachitatu masana alandilodi anayenda khomo ndi khomo atavala jekete ngati akupita ku ukwati. Anati tisawachititse manyazi. Anati chitsime chikapezeka ndi vuto boma lidzachitseka ndi loko, tidzayenda mtunda kukafuna madzi, ndipo wowachititsa manyaziyo adzamudziwa chifukwa nambala ili pachitseko. Lachinayi kutangocha tinawaona akukhuthulira mankhwala oyeretsera zovala m'chitsime, botolo lathunthu.

Koma ndisanamizire alandilodi okha. Ine manyazi anga ndinali nawo kale iwo asanagogode. Ndinayang'ana ndowa yanga yobiriwira ija, chivundikiro chosweka, kapu imene timatungira ndi yomweyo Kamasaya amakwekwereza pansi. Ndinadzifunsa kuti munthu wophunzira, wovala zoyera, alowe m'nyumba mwanga, ine ndimupatse madzi amenewa? Akawaike pa makina, anthu adziwe kuti nambala 17 ndi mayi wauve? Inu mukudziwa mmene amayi anatilerera, mlendo sitimupatsa kapu yong'aluka.

Ndiye ndinabereka Kamasaya, ndinapita ku mpopi wa kumsika, ola lathunthu kupita ndi kubwera. Ndowa ndinaikwecha ndi sopo mpaka zala kuwawa. Madzi a kumpopiwo ndinawawiritsanso, n'kuwasefa pa nsalu yatsopano. Kapu ndinatulutsa ya galasi ija munandipatsa nditakwatiwa.

Atabwera anandifunsa ngati amenewa ndi madzi amene timamwa masiku onse. Ndinati eya. Anafunsa ngati ndawathira kanthu kapena kuwawiritsa. Ndinati ayi, maso ali pa Kamasaya kuti ndisawayang'ane. Analemba m'buku mwawo, anathokoza, anapita kwa atelala.

Patatha sabata pepala linabwera. Chitsime chabwino, nyumba zonse khumi ndi ziwiri zabwino. Alandilodi analimata okha ndi guluu. Chimene chimandidabwitsa mpaka lero n'choti ine ndinalikhulupirira. Ndinadziuza kuti bodza langa ndi limodzi lokha, nyumba zina khumi ndi imodzi zanena zoona, ndiye madzi ndi abwinodi. Kale madzi a Kamasaya ndinkawiritsa mwa apo ndi apo makala akakhalapo. Nditaona pepala ndinasiyiratu. Tsiku lomwelo ndinakulemberani kalata ija.

Mvula itayamba Kamasaya anadwala. Anatsegula m'mimba kuyambira m'mawa, pofika masana matewera onse anali atatha, akusanza chilichonse ngakhale bere. Masaya aja anaphwa ngati mpira wobooka. Maso analowa. Ndikamutsina khungu la pamimba limakhala chiimire osabwerera. Bambo ake anali ku ntchito yawo yomanga, ndinathamanga ndekha, nsapato imodzi inatsala panjira.

Anamuika dilipi. Mtsempha unavuta, anakaupeza pamutu. Pamenepa sindilemba zambiri, ndidzakuuzani mukadzachira. Tinagonekedwa m'wodi ya ana.

Tsiku lachitatu lake anayamba kuyamwa, ndipo ine ndi pamene ndinakweza maso bwinobwino. Pa bedi la kutsogolo kwanga panali mdzukulu wa atelala. Pa la pakona panali mapasa a mkazi wa amakaniko a mzere wachitatu. Ana anayi a chitsime chimodzi. Anesi aakulu anali ataziona kale m'kaundula, anaitanitsa Amayi a Mabotolo. Anabwera masana omwewo ndi buku lawo. Ndinawamva akuuza anesi kuti mutu sukuwagwira, chifukwa madzi a kumeneko anawayeza okha ndipo anatuluka oyera kuposa a kunyumba kwawo.

Ndinakumbukira kuti ndinasaina. Ndinkaganiza kuti wonamiza kafukufuku amamangidwa, ndiye Kamasaya atuluka m'chipatala mayi ake ali kupolisi. Koma ndinaonanso kuti ndikakhala chete, iwo apita kukafuna vuto kwina, ife tibwerera kukamwa madzi omwe aja. Ndinasiya mwana ndi anesi, ndinawatsatira pakhonde, ndinagwada. Ndinanena zonse, mpopi wa kumsika, kuwiritsa, kapu ya galasi, mankhwala a alandilodi. Ndinati ngati n'kundimanga, andimange mwana akachira.

Anandidzutsa ndi manja awiri. Anati palibe womanga munthu. Anati ndipotu kulakwa kwina ndi kwawo, chifukwa anatiuza tsiku, komanso ataona mabotolo onse ali oyera mbee anasangalala m'malo mokayikira. Akuti zotsatira zikakoma mopitirira muyezo, munthu ayenera kuzinunkhiza kawiri.

Ali mkati molankhula, atelala anatulukira kuseri kwa chitseko kumene ankamvetsera. Anati iwo sanadzivutitse ndi moto ngati kamtsikana aka, anangogula madzi a m'sitolo mabotolo anayi n'kukhuthulira mu ndowa. Amayi a Mabotolo anavula magalasi, anakhala pa benchi. Anati ndiye kuti ananyamula bokosi lija mtunda wonse uja kudzayeza madzi a m'sitolo, pomwe sitolo ili pakhomo pa ofesi yawo. Tinaseka atatu pakhonde la chipatala mpaka anesi anatulutsa mutu pawindo. Ine ndinkaseka misozi ikutuluka, sindikudziwa kuti inali ya chiyani.

Ana onse anayi anachira, asisi. Kamasaya atafika kunyumba anadya ngati akubwezera. Masaya anabwerera, tsopano akuchita kulendewera. Sabata yatha anaima yekha atagwira mwendo wa tebulo, n'kusiya, n'kuyenda mapazi atatu kupita kwa bambo ake. Bambo akewo, munthu wonyamula matumba a simenti, anakhala pansi n'kubisa nkhope m'chipewa.

Lamlungu lotsatira titatuluka m'chipatala, Amayi a Mabotolo anaitanitsa msonkhano pansi pa zingwe zomwe zija. Ndinayamba ndine kuulula. Atelala anatsatira. Kenaka kunali ngati watsegula khola. Wa nambala 3 anati anakapempha madzi kwa abwana ake kumene amachapa. Wa nambala 30 anati anathira mankhwala ochuluka mpaka mwamuna wake anakana tiyi masiku awiri. Tonse khumi ndi awiri, palibe ndi mmodzi yemwe anapereka madzi enieni. Aliyense ankaganiza ngati ine, kuti wanama yekha, anzake anena zoona. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Mkazi wa amakaniko yekha sanaseke. Nyumba yake sinatoledwe m'chitini. Anadikira tithe, kenaka anati iye analikhulupirira pepala lija chifukwa ankadziwa kuti anzake khumi ndi awiri amulankhulira. Anati chitini chija chinatituma ife m'malo mwa onse, ife n'kupita kukadzikongoletsa tokha, ndipo mapasa ake anatsala pang'ono kupita. Tinadzuka mmodzimmodzi kukamupepesa. Ine ndinangomutengera mwana mmodzi n'kumubereka. Panopa timachezerana, koma mawu akewo sadzandichoka.

Alandilodi anaima, anati chitsime chawo chilibe vuto, iwo amwa madzi amenewo zaka makumi awiri ndipo taonani mimba yawo. Bambo wina amene amagulitsa madzi m'zigubu pa njinga nayenso anali pompo. Anati chitsime chimenecho ndi poizoni weniweni, aliyense wokonda ana ake azigula kwa iye. Anayamba kulozana zala. Amayi a Mabotolo anawasiya atope. Kenaka anati onse awiri awamva mwaulemu, koma alandilodi ali ndi chifukwa chonenera kuti madzi ndi abwino, a njinga ali ndi chifukwa chonenera kuti ndi oipa, pomwe botolo lilibe nyumba yochititsa lendi ndiponso siligulitsa madzi. Ndiye afunsa botolo.

Anatilamula kuti kuyambira tsiku limenelo aliyense aziwiritsa madzi akumwa. Anati ayambiranso, koma ulendo uno satiuza tsiku. Chitsime achiyeza katatu, masiku osiyana, kamodzi mvula itangogwa kumene. Nyumba atolanso m'chitini, ndipo azilowa okha mpaka pa ndowa kuti aone potunga. Madzi aliwonse aziwagawa pawiri, theka lizipita ku labu ina yoyezera madzi, kwa anthu osatidziwa, oona nambala yokha. Zigubu za a njinga nazonso anati aziyeza. A njingawo kumwetulira kunachepa.

Chitini ulendo uno chinandidumpha. Ndinawapempha kuti andiike basi, ndikufuna ndikonze zimene ndinalakwa. Anakana. Anati akayamba kulandira odzipereka okha, adzadzaza buku ndi anthu amantha ndi onyada, osiya ena onse. Koma anati anga awayeza padera, osawerengera pamodzi ndi enawo, kuti ine ndekha ndidziwe.

Anatulukira Lachiwiri lina ndikuchapa matewera, mbale zosatsuka, Kamasaya atadzipaka dothi mpaka m'makutu. Dzanja linafuna kupita lokha ku kapu ya galasi. Ndinalibweza. Ndinatunga ndi kapu ya pulasitiki yomwe ija, ndinawapatsa.

Zotsatira anabwera nazo zooneka ndi maso. M'timabotolo mwawo amaikamo mankhwala ena, ndipo madzi akakhala ndi tizilombo ta m'chimbudzi, pakapita masiku awiri amada. Anatindandalikira pa tebulo la atelala. Mabotolo a chitsime onse atatu anali bii, la tsiku la mvula linada msanga kuposa onse. A m'nyumba asanu mwa khumi ndi awiri anali akuda ngakhale eni ake ankawiritsa. Langa lapadera lija, asisi, bii ngati makala.

Ndinafuna kulowa pansi. Ndinati koma ine ndimawiritsa, ndikulumbira. Anati akundikhulupirira, vuto ndi kapu. Ndimawiritsa bwino, kenaka ndimaviika kapu ya pansi pamodzi ndi zala zanga. Atelala, amene chitini chinawatolanso ndipo lawo linatuluka loyera, anayenda nalo botolo lawo mizere yonse inayi ngati alandira chikho cha mpira. Mpaka lero akandiona amandifunsa kuti a makala mwadzuka bwanji.

Alandilodi anati mabotolowo amabwera ndi uve wake kuchokera komweko. Amayi a Mabotolo anatulutsa lina limene anathiramo madzi odziwika kuti ndi oyera, mankhwala omwewo, bokosi lomwelo, ulendo womwewo. Linali mbee. Anatulutsanso pepala la labu ina ija, likunena zofanana ndi zawo. Kenaka anaika pa tebulo mabotolo atatu a zigubu za a njinga. Awiri anali akuda. Titacheuka tinangoona fumbi la njinga pakona.

Alandilodi anakhala nthawi yaitali akuyang'ana botolo la tsiku la mvula. Sanapepese, anthu otere sapepesa ndi pakamwa. Koma nawonso ali ndi kamdzukulu koyamwa m'nyumba mwawo. M'mawa mwake tinadzutsidwa ndi wilibala, iwo akukankha okha, simenti matumba atatu, jekete palibe.

Vuto linapezeka msanga. Simenti yozungulira chitsime inali itang'aluka mbali ya kumtunda, ndipo ngalande yochokera ku zimbudzi imadutsa pompo. Mvula ikagwa zonse zimalowera m'ming'alu. Bambo a Kamasaya anatsogolera ntchito, amakaniko anawotcherera chivundikiro chachitsulo, amuna ena anakumba ngalande yatsopano kumunsi. Ife tinatunga mchenga tikuimba. A zaumoyo anabwera kudzathira mankhwala oyenera, mwa muyezo. Chotungira tsopano ndi chimodzi cha tonse, chimakolekedwa pa msomali, sichigunda pansi. Kunyumba kuno bambo ake anaboola ndowa yanga n'kuikapo kampopi. Kapu siilowanso m'madzi.

Tsopano nayi nkhani imene ndathamangira.

Chikonzereni chitsime, Amayi a Mabotolo anadikira kuti mankhwala aja athe mphamvu, n'kuyamba kuyezanso katatu, sabata ndi sabata, osanena tsiku. Botolo loyamba abwera nalo lero m'mawa. Ndi loyera, asisi. Ndinalinyamula ndekha, ndinaliyang'ana pa dzuwa, ndinalitembenuza. Azimayi a pamdadada anavina ndi ndowa pamutu, mkazi wa amakaniko anali patsogolo.

Koma ine sindikulemberaninso kuti madzi athu ndi abwino. Chimene ndikudziwa ndi ichi. Botolo limodzi mwa atatu latuluka loyera. Awiri atsala. Ndipo chikonzereni, mvula yamphamvu sinagwe. Mantha anga ali pamenepo. Mtambo ukada ndimatuluka panja kukayang'ana simenti ija ngati wamisala.

Ndiye musankhe nokha ndi alamu, muwapatse kalatayi awerenge yonse, ngakhale pamene pali manyazi anga. Mukafuna kudikira masabata awiri kuti mabotolo onse atuluke, sindidandaula, bola anesi a kwanuko akuuzeni kuti masiku alipo. Mukaona kuti masiku athina, bwerani Loweruka lomweli, chipatala chili pafupi ndipo chipinda ndakonza. Mudzamwa owiritsa okhaokha, a m'ndowa ya kampopi. Osambitsa khanda ndidzawiritsa ndekha, ngakhale pepala lidzanene zotani. Makala bambo a Kamasaya aunjika kale kuseri kwa chitseko.

Ndikhululukireni, asisi. Zondikalipira musunge, mudzandikalipire muli pano, mutakhala pansi, miyendo ili pa mpando. Ndidzamva zonse osayankha, kupatula mukadzanditchula a makala.

Yankho mupatsire adalaivala omwewa, abwerera Lachisanu. Mukalemba mawu amodzi okha, akuti ndikubwera kapena ndidikira, andikwanira.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa apongozi anu, muwauze asakulekeni muzinyamula zolemera. Bambo a Kamasaya akuti moni wambiri. Atelala akuti mubwere ndi nsalu, akufuna kusoka timalaya mwana asanabadwe, ndawauza kuti adekhe koma mukuwadziwa. Mulungu akusungeni nonse awiri, akufikitseni pa tsiku lanu muli ndi mphamvu, ndipo ine ndidzakhale woyamba kumva kulira kwake ndili pakhonde.

Ndine mng'ono wanu,
Make Kamasaya